Munthu akasiya kufunsa, ndipamene ndimachita mantha

Pamaliro, kuchipatala, ngakhale munthu ntchito ikamuthera, mawu amene timauzana ndi amodzimodzi: limbani mtima. Timanena ndi chikondi, ndipo inenso ndimanena. Koma chipumireni pa uphunzitsi wa ku pulayimale ndakhala ndikuphunzitsa anthu akuluakulu pa sukulu ya kwacha kuno ku Phalombe, ndipo zimene ndaona n'zakuti anthu amene amadzukanso mavuto akawagwetsa kawirikawiri amakhala aja ovuta ndi mafunso. Ukawafotokozera chinthu amati, "Aphunzitsi, tabwerezaninso, zimatheka bwanji zimenezo?" Wophunzira wanga akasiya kufunsa n'kumangogwedeza mutu pa chilichonse, ndimadziwa kuti kunyumba kwake kapena mumtima mwake zinthu sizili bwino.

Ife a kuno napolo timamudziwa. Mu Malichi 1991 madzi anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mpaka lero alipo okalamba amene mvula ikachita phokoso usiku sagona. Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osaleka, mapiri anagumuka, ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Sukulu zambiri zinasanduka misasa, yathu ya kwacha nayo inaima.

Titayambiranso, panali amayi awiri amene ndinkawayang'ana kwambiri. Onse minda yawo inakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Mmodzi, mayi wamasiye wa zaka za m'ma 50, anabwera tsiku lina ndi mchenga m'kajumbo n'kuutsanulira patebulo panga. Anati, "Aphunzitsi, inu mumawerenga zambiri, mu mchenga uwu mungamere chiyani?" Ndinawatumiza kwa alangizi a zaulimi. Anapita, ndipo sanalekere pomwepo. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba maenje apa ndi apo m'munda monse kuti aone kuti mchengawo walowa pansi bwanji. Malo ena anakumba mpaka kutopa osapeza dothi. Malo ena dothi lakale linali pafupi, kungolowetsa mkono mpaka m'chigongono. Pamalo amenewo anaikapo manyowa n'kubzala maungu, ndipo kumunsi kumene kunali chinyontho anabzala mbatata imene anakapempha mbewu yake kwa achibale. Sanalemere nazo ayi. Koma chaka chimenecho ana awo anadya, ndipo m'mawa uliwonse mayiwa ankadzuka ali ndi chinthu chokaona.

Mayi winayo ankafunsanso, tsiku ndi tsiku, koma mafunso awo anali ena: "Chifukwa chiyani ine? Ndinalakwa chiyani? Wandichita zimenezi ndani?" Sindikuwadzudzula. Iwo anatayanso mlongo wawo m'madzi amenewo, ndipo chisoni chotero chimafuna nthawi yake. Koma ndinaona kuti mafunso awo sankawapititsa kulikonse. Mukamanga mbuzi pachikhomo, iyo n'kuyamba kuzungulira mbali imodzi, chingwe chimakulungika, ndipo ikamazungulira kwambiri ndipamenenso malo ake odyera amachepa mpaka khosi lifike pachikhomo. Maganizo a mayiwa ankayenda chomwecho.

Kusiyana kwa mafunso awiriwa akatswiri a zamaganizo anakuona kale. Mu 1989 ku California, m'dziko la America, kunachitika chivomezi chachikulu. Katswiri wina, Susan Nolen-Hoeksema, anali atangofunsa kumene ophunzira a pa yunivesite ya Stanford, ku California komweko, za momwe amachitira akakhumudwa, chivomezicho chisanachitike. Atawafunsanso pambuyo pake, anapeza kuti amene anali ndi chizolowezi chomangobwereza m'mutu mavuto awo ndi momwe akumvera ndiwo anali okhumudwa kwambiri patatha masiku 10, ngakhalenso patatha milungu 7. Chivomezi chinali chimodzi, koma kumene maganizo ankayang'ana kunali kosiyana.

Katswiri winanso amene ntchito yake ndimailemekeza ndi George Bonanno wa ku yunivesite ya Columbia ku New York. Zigawenga zitagwetsa nyumba zitalizitali mumzindawo pa 11 Sepitembala 2001, ambiri ankayembekezera kuti anthu onse asokonezeka maganizo. Iye ndi anzake anapeza kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 65 pa 100 alionse analibe zizindikiro za matenda obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu waona, kapena anali ndi chimodzi chokha. Kupirira si mphatso ya anthu ochepa, anthu ambiri ali nako. Ndipo pofufuza chimene chimathandiza, Bonanno sanapeze njira imodzi yogwira ntchito paliponse. Nthawi ina kulira kumathandiza, nthawi ina kudzigwira. Nthawi ina kulankhula, nthawi ina kugwira ntchito n'kuiwalako. Chimene anapeza n'chakuti opirira amatha kusintha: amayang'ana kaye kuti vuto ili likufuna chiyani, amasankha njira imodzi mwa zingapo, kenako amaona ngati ikuthandiza, ikakanika n'kuyesa ina. Ine ndikawerenga zimenezi ndimaona mayi uja akukumba maenje. Munthu wopanda chidwi sangaone kuti njira yake yakanika, chifukwa sabwerera kukayang'ana.

Mantha amachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo ife a kuno tinaziona ndi maso. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata anatseka misewu n'kumasecha galimoto, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi kuno ku Phalombe. Azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zipangizo zawo m'midzi. Chimene chimandipweteka ndikakumbukira n'chakuti amene ankayesa kufunsa kuti, "Kodi wawaona ndi maso ndani? Angapope bwanji magazi nyumba ili chitsekere?" ankayang'anidwa ndi diso loipa, ngati nawonso ali m'gulu. Anthu anali ndi mavuto enieni nthawi imeneyo, njala ya chaka chapitacho inali isanaiwalike, matenda ochepa magazi analipo. Koma yankho lachangu linatseka mafunso onse. N'chimodzimodzi mwana akamwalira mwadzidzidzi, anthu n'kuthamangira kuloza agogo kuti ndi mfiti. Yankho lotero limapepuza mtima kwa tsiku limodzi, chifukwa kukhala osadziwa n'kowawa. Mawa lake malungo aja akadali m'mudzi, ndipo agogo aja nyumba yawo yapsa.

Apa ndipamene ndimagwirizana ndi Todd Kashdan, wofufuza za chidwi pa yunivesite ya George Mason. Iye amati chidwi chili ndi mbali zingapo, ndipo imodzi mwa izo ndi kutha kupirira nkhawa imene imabwera ukakumana ndi chinthu chimene sukuchidziwa. Ambiri timaganiza kuti chidwi ndi chisangalalo chokhachokha, monga cha mwana amene waona ndege. Kwa munthu wamkulu chimabwera ndi manyazi ndi kugunda kwa mtima. Taganizirani mayi wa zidzukulu, wolemekezeka kumpingo, akugwira pensulo koyamba pamaso pa anzake, dzanja likunjenjemera, chilembo chikupita chozondoka. Akabweranso mawa lake, waphunzira zinthu ziwiri. Chimodzi ndi chilembocho. China n'chakuti angathe kukhala pamalo amene sakudziwa kanthu, osathawa, osafa nazo. Chachiwirichi ndi chimene chimadzamugwira dzanja tsiku limene dokotala adzamuuze za matenda amene sanawamvepo, kapena mwamuna adzachoke osatsanzika.

Alimi athu ndiwo amandiphunzitsa kwambiri pa nkhaniyi. Mbozi zija za ntchemberezandonda zachilendo zitalowa m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, zinawononga chimanga mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Mankhwala anali odula, ndiponso mbozi imabisala m'kati mwa nsonga, momwe masamba atsopano amatulukira. Ena anagwira mutu n'kukhala pansi. Ena anayamba kuyesa: kuthira mchenga kapena phulusa m'nsonga, madzi a sopo, masamba a nimu, ndipo ena anapeza kuti msuzi wa usipa kapena bonya ukathiridwa pa chimanga umaitana nyerere, nyererezo n'kumagwira mbozi. Kuti munthu adziwe zimenezi anayenera kugwada m'munda m'mamawa, kutsegula nsonga, kuyang'anitsitsa mdani wake n'kumuphunzira. Sikuti njira zonsezi zimagwira mofanana. Koma mlimi amene akuyesa amakhala kuti wabwezeretsa khasu m'manja mwake.

Manyowa a Mbeya nawo anafala chomwecho. Feteleza atakwera mtengo, makamaka kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, anthu ambiri anayamba kusakaniza feteleza pang'ono ndi phulusa, madeya ndi ndowe, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki n'kudikira masiku 21. Ndaona ena akukolola bwino nawo, ndaonanso ena akudandaula. Amene ndimawasirira ndi aja amene anathira Mbeya pa mizere ina, feteleza wamba pa mizere ina, n'kudikira kuti aone okha. Munthu wotero ngakhale mvula itamuvuta, nyengo ikatha amakhala atadziwa kanthu kena kamene sanali kukadziwa, ndipo amalankhula za chaka chamawa. Ine ndikamva munthu amene wakumana ndi tsoka akunena kuti "chaka chamawa ndidzayesa zakuti," mtima wanga umakhala pansi. Chidwi chimapatsa munthu chifukwa chodikirira mawa.

Wina anganene kuti kumasuka ku zatsopano ndi kumene kumabetsa anthu. Zoona, tawaona anthu akutumiza ndalama pafoni kwa munthu amene walonjeza kuti zichulukana kawiri pamlungu, tawaonanso ena akusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa chogula madzi odalitsidwa. Koma amenewo sanabedwe chifukwa chofunsa kwambiri. Anabedwa chifukwa sanafunse kuti phindulo likuchokera kuti. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndimavomereza kuti nzeru zambiri zimabwera ndi anthu ochokera kwina. Anatinso safunsa anadya phula. Mlendo mulandireni, mumvetsereni, kenako mufunseni mpaka amalize kufotokoza, ndipo zimene wanenazo muziyese pa mizere iwiri musanaziike m'munda monse.

Nanga chidwi chimene ana onse amabadwa nacho chimathera kuti? Mbali ina chimathera m'makalasi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza sukulu, ndipo m'kalasi la ana oposa 100 mwana wofunsa kwambiri amaoneka ngati akuchedwetsa anzake. Amaphunzira msanga kuti chofunika ndi kubwereza zimene zili pabolodi. Kunyumba nako mwana wofunsa akulu kuti "chifukwa chiyani" amatchedwa wamwano. Akamakula amakhala atazolowera kuti kufunsa ndi kudzionetsa umbuli. Ndipo kwa amuna n'zoposa. Timawauza kuti mwamuna salira, ndipo iwo amamvanso kuti mwamuna safunsa. M'kalasi langa muli amayi okhaokha pafupifupi. Apolisi akamatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, chaka ndi chaka ambiri mwa iwo amakhala amuna, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Bambo amene wapanikizika ndi katapila amaona njira imodzi yokha, chifukwa palibe amene anakhala naye pansi n'kumufunsa kuti, "Kodi ngongoleyo ndi zingati kwenikweni, ndipo tayesapo chiyani?"

N'chifukwa chake ndimakonda zimene anachita dokotala wa matenda a maganizo wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda. Mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Agogowo sauza munthu zochita. Amamufunsa, amamvetsera, amathandizana naye kutchula mavuto ake limodzi ndi limodzi, kenako munthuyo amasankha limodzi loti ayambe nalo, amaganizira njira zingapo, amakayesa imodzi n'kudzabweranso kudzanena momwe zayendera. Gawo loyamba amalitcha kutsegula maganizo. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare zinasonyeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anacheza ndi agogo pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 okha ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi 50 pa 100. Chimene ndimatengapo n'chakuti munthu chidwi chikamuthera, wina angathe kumubwereka chake. Ukaona kuti mnzako akufunitsitsa kumva nkhani yako, nawenso umayamba kuiyang'ana mwatsopano.

Mayi wachiwiri uja anathandizidwa mwa njira yofananako, ngakhale panalibe benchi. Anzake a banki m'khonde ankadziwa kuti iwo masamu amawatha kuposa onse, ndiye anapita kukawatenga kunyumba n'kuwauza kuti, "Amayi, bokosi likutisokoneza, tabwerani mudzatiwerengere." Poyamba ankangokhala n'kumawerenga ndalama osalankhula. Tsiku lina m'kalasi anakweza dzanja n'kundifunsa kuti munthu akabwereka K15,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 n'kubweza theka pakati pa mwezi, chotsalacho chiwerengedwe bwanji, chifukwa gulu linali litakangana. Linali funso loyamba loyang'ana kunja limene ndinamva kwa iwo chichitikireni namondwe. Mlongo wawo amamulirabe, ndipo ayenera kutero.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna kuti munthu awerenge apa n'kuziiwala. Choyamba ndi njala. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Munthu amene wagona ndi njala maganizo ake onse amakhala pa ufa, ndipo kumuuza kuti akhale ndi chidwi ndi zinthu zatsopano n'kumunyoza. M'miyezi ya njala kalasi langa limachepa, ndipo obwerawo amasinza. Chidwi chimafuna m'mimba muli kanthu ndi pogona podalirika, choncho wofuna kulimbikitsa anthu ayambe wawapatsa zimenezo. Chachiwiri n'chakuti kutha kwa chidwi pakokha ndi chizindikiro chachikulu cha matenda okhumudwa. Munthu akakhala milungu iwiri kapena kuposa osasangalala ndi zimene ankazikonda, osagona bwino, osafuna kudya, kapena akulankhula zofuna kufa, si ulesi ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mupite naye kuchipatala cha boma lanu mukafunse oona za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Musadikire kuti adzuke yekha.

Za amuna aja, ndinaona kuti kuwadikira m'kalasi n'kutaya nthawi, ndiye Loweruka ndimapita kumene amakhala, pamalo okonzera njinga pafupi ndi msika, pamene ena amasewera bawo. Sinditchula za sukulu. Ndimabwera ndi funso langa lenileni, monga chifukwa chimene batire ya sola yanga ikuthera msanga, ndipo pamenepo aliyense amasanduka mphunzitsi. Wina amati ndi mawaya, wina amati ndimaimaliza kwambiri usiku, wa kabaza wina amatulutsa foni n'kutionetsa kanema wofotokoza. Bambo akaona mkulu wa imvi akufunsa poyera osachita manyazi, naye pakamwa pamamasuka. Tayambira pa batire tafika pa kuwerenga mauthenga a ndalama pafoni, kuti munthu asamapatse mwana wa eni ake nambala yake yachinsinsi.

Loweruka lina anthu atabalalika, bambo wina anatsalira n'kundikokera pambali. Anati, "Aphunzitsi, pali mnzanga wina anatenga K50,000 ya katapila, pamwezi amaonjezera theka. Ikatha miyezi itatu osabweza ikhala zingati?" Tinakhala pansi n'kulemba padothi ndi kamtengo: mwezi woyamba K75,000, wachiwiri K112,500, wachitatu K168,750. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenako anati mnzakeyo ndi iye mwini, ndipo anali asanauze ngakhale akazi ake. Ndinamufunsa zimene ali nazo zoti angagulitse osapha nazo banja, amene angamuperekeze kukalankhula ndi mwini ndalama, ndiponso ngati mwini ndalamayo anavomerapo kwa wina kuimitsa chiwongoladzanja. Funso lomalizali analibe yankho lake, ndiye anapita kukafufuza. Patapita masiku anauza akazi ake, anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo malume ake anamuperekeza. Mwini ndalama anakana kuchotsa zimene zinali zitakwera kale, koma anavomera kuti zisakwerenso, ndipo zotsalazo bamboyo akubweza pang'onopang'ono kuchokera pa ganyu ndi pa nandolo wa chaka chino.